Zimene zimabisala pakati pa njere za mwala wamchenga

Tengani chibenthu cha mwala wamchenga, muchikhule ndi chala. Chimakhakhala, ndipo kawirikawiri timchenga tina timathothoka n'kukakamira pakhungu. Kenako donthezanipo madzi. Dontholo silichedwa pamwamba, limalowa m'kati n'kusiya banga loderapo lomwe limanka likufalikira pang'onopang'ono. Mukachita zomwezo pa mwala wa granite, chala chimachoka chopanda kanthu ndipo madzi amangokhala pamwamba mpaka ataumira pomwepo. Kuthothoka kwa timchengato ndi kumwa madziko ndi komwe kumafotokoza mmene mwalawu unapangikira, ndiponso chifukwa chake anthu amaukumba, kuusema, kuuboola, mwinanso kudwala nawo.

Mwala wamchenga ndi mchenga wakalekale umene unagwirana n'kusanduka thanthwe. Akatswiri a za miyala ali ndi muyeso wa chimene amati mchenga: njere yake izikhala pakati pa mamilimita 0.0625 ndi mamilimita 2, malinga ndi sikelo imene Chester Wentworth anafalitsa mu 1922. Njere zikachepera pamenepo ndiye kuti ndi matope kapena dongo, zikaposa ndiye nsangalabwi, ndipo miyala yochokera ku zimenezo ndi ina. Pa miyala yonse yopangika ndi zinthu zokokoloka zimene zinaunjikana, mwala wamchenga umatenga pakati pa 20 ndi 25 peresenti.

Koma dzina limodzili laphimba miyala yosiyana kutalitali. Wina umanyenyeka ndi zala zokha, wina umabunthitsa tchizulo chachitsulo, chonsecho njere zake ndi zamtundu umodzi. Kusiyanako kuli pa zimene zili pakati pa njerezo: chomatira chimene chinazilumikiza, ndi timipata timene tinatsala tosatsekeka. Kulimba kwa mwalawo, mtundu wake, madzi kapena mafuta amene ungasunge, ngakhale mmene udzawonongekere ukamangidwa pakhoma, zonsezi zimachokera pamenepo.

Njere zenizenizo ndi zotsalira za mapiri. Thanthwe la granite limapangidwa makamaka ndi tinjere ta mitundu itatu: quartz, feldspar ndi mica. Dzuwa, kuzizira ndi mizu ya zomera zimaling'amba, ndipo madzi a mvula, omwe amakhala ndi kaasidi pang'ono, amadya feldspar mwakachetechete mpaka imasanduka dongo. Quartz ndiye sigonja msanga. Siisungunuka mwachisawawa, ilibe mizere yoti ingasweke nayo mosavuta, ndipo pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba ili pa 7, pamene feldspar ili pa 6 ndipo mpeni wamba uli cha m'ma 5.5. N'chifukwa chake mtsinje ukanyamula zinyenyeswa za phiri ulendo wautali, zina zonse zimatha panjira, quartz n'kufika yokha. Njere yoyenda mtunda wautali imafika yobulungira, ili ndi zinzake za msinkhu wofanana. Yongochoka kumene paphiri imakhala ndi makona akuthwa, itasakanikirana ndi zazikulu ndi zazing'ono zomwe.

Motero munthu wodziwa akayang'ana njere amatha kunena kutalika kwa ulendo wake. Chithanthwe cha Uluru, pakati pa dziko la Australia, chomwe chinatalika mamita 348 kuchokera pachigwa chochizungulira, ndi cha mtundu wotchedwa arkose, umene feldspar yake imafika 25 peresenti kapena kuposa. Mchenga wake unakokoloka m'mapiri apafupi zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo n'kukwiririka feldspar isanawole. Mwala wa St. Peter, umene uli pansi pa madera ambiri apakati pa United States, ndi wosiyana nawo kwambiri: pafupifupi quartz yokhayokha, njere zobulungira bwino, zoyera moti amazikumba n'kupangira magalasi. Palinso greywacke, mwala woderapo ndi wolimba, umene umapangika mchenga ndi matope zikagumukira limodzi kutsetsereka pansi pa nyanja yaikulu n'kukhazikika zisanasankhike.

Chinthu china chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti njere imakhala yakale kuposa mwala umene ilimo. Mwala wamchenga ukakokoloka, njere zake zimamasuka n'kukalowa mu mwala wina watsopano, ndipo zimenezi zitha kuchitika kangapo. Ku Jack Hills, kumadzulo kwa Australia, m'miyala imene poyamba inali mchenga ndi nsangalabwi, munapezeka tinjere tolimba kwambiri totchedwa zircon, ta zaka pafupifupi 4.4 biliyoni. Palibe chinthu china chopangika padziko lino chodziwika kuti n'chakale kuposa tinjere timeneti. Thanthwe limene tinabadwiramo linatha kalekale, koma ito tinapulumuka.

Tsopano mchenga wafika pamene ukupita, kaya ndi m'khwawa la mtsinje, m'mphepete mwa nyanja kapena m'chipululu. Kuti usanduke mwala, malowo ayenera kumatitimira pang'onopang'ono kwinaku mchenga ndi matope ena zikuunjikana pamwamba. Mchenga wongounjikana kumene umakhala ndi mipata yambiri, pafupifupi 40 peresenti ya mulu wonsewo. Katundu wapamwamba akamachuluka, njere zimasuntha n'kuthinana, zofewa zimaphwanyika n'kulowa m'mipata ya zinzake, madzi ambiri n'kufinyidwira kunja. Komabe kuthinana pakokha sikupanga mwala. Chimene chimamaliza ntchito ndi madzi otsalawo, amene amayenda mwapang'onopang'ono m'timipata atanyamula zinthu zosungunuka. Zinthuzo zimamatirira panjere, chaka ndi chaka, kwa zaka mamiliyoni, mpaka njere iliyonse yagwirana ndi inzake.

Zomatira zazikulu zilipo zinayi, ndipo chilichonse chimapereka mwala wa khalidwe lakelake. Cholimba koposa ndi silika, yemwe ndi chinthu chomwecho chimene chimapanga quartz. Silika amayamba kumata kwambiri kutentha kukafika cha m'ma madigiri 70 mpaka 80, komwe nthawi zambiri kumapezeka pa makilomita awiri kapena atatu pansi pa nthaka, poti kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Chachiwiri ndi calcite, yemwe amapezekanso m'mwala wa laimu. Amamata bwino koma asidi amamusungunula, ndipo mukadonthezapo asidi wosalimba pamatuluka thovu. Chachitatu ndi dzimbiri lachitsulo. Chachinayi ndi dongo, lomwe ndi lofooka pa zonse, moti mwala womatidwa nalo umafewa ukanyowa.

Zimenezi zimaoneka bwino pa maikulosikopu. Katswiri amadula kachidutswa ka mwala, n'kulowetsa m'timipata take guluu wopakidwa utoto wabuluu, kenako amakamata pagalasi n'kukapala mpaka katapyapyala kufika mamilimita 0.03, kuti kuwala kudutse. Mukasuzumira, njere za quartz zimaoneka zoyera ngati madzi, ndipo paliponse pamene pali buluu ndiye kuti panali mpata. M'kati mwa njere zina mumaoneka kamzere kozungulira ka fumbi. Kamzereko ndi khungu la njere yoyambirira, mmene inalili tsiku limene inakwiririka. Zonse zakunja kwake ndi silika amene anamera pambuyo pake, akukula mpaka kukakumana ndi wa njere yoyandikana nayo. Pagalasi lina buluu amakhala mbwee, pa lina n'kungotsala timadontho tochepa. Miyala iwiriyo itha kufanana ndi maso, koma wina ungasunge madzi a mzinda wonse, winayo ayi.

Mtundu wa mwalawo umachokeranso pomwepo. Quartz payokha ilibe mtundu. Kufiira kumene timaona ndi kakhungu kopyapyala kwambiri ka dzimbiri kamene kanakuta njere iliyonse, ndipo kachigawo kochepa chabe ka chitsulo kamakwanira kufiiritsa phiri lonse. Uluru ndi wofiira kunja kokha, m'kati ndi wotuwa. Kumene madzi apansi anadutsa n'kutsuka dzimbirilo, mwala wofiira unayera, n'chifukwa chake phompho limodzi litha kukhala lofiira kumunsi, loyera kumwamba. Mwalawu ukapitirira kukwiririka n'kupsa kwambiri pansi pa mapiri, njere ndi chomatira zimasanduka chinthu chimodzi, timipata tonse n'kutha. Pamenepo wasanduka quartzite, ndipo ukasweka mng'alu umadula njere pakati m'malo mozilambalala.

Mwala wamchenga umasunganso mbiri ya malo amene unapangikira. Pamwamba pa matanthwe ena pamaoneka timizere tokwera ndi kutsika timene mafunde amasiya pamchenga, mapazi a nyama zakale, ngakhale timaenje ta madontho a mvula. Ku Zion, m'chigawo cha Utah ku United States, maphompho a mwala wa Navajo, omwe m'malo ena ndi ochindikala mamita oposa 600, ali ndi mizere ikuluikulu yopendekeka yodulana. Imeneyo ndi misana ya zitunda za mchenga za chipululu chachikulu cha zaka pafupifupi 190 miliyoni zapitazo, ndipo kumene mizereyo yapendekera kumasonyeza kumene mphepo inkalowera. Mu 1788 katswiri wa za miyala James Hutton anafika pa Siccar Point, m'mphepete mwa nyanja ku Scotland, n'kupeza magawo a greywacke ataima chilili, pamwamba pake patagona magawo a mwala wamchenga wofiira. Anazindikira kuti greywackeyo inayamba yaunjikana chogona, kenako inapindidwa n'kuimitsidwa, inakokoloka, mchenga wina n'kudzaikwirira n'kusandukanso mwala. Zonsezo sizikanatheka m'zaka masauzande ochepa. Malo amenewo anathandiza kwambiri kuti anthu ayambe kumvetsa kuti dziko lapansi ndi lakale mosaneneka.

Phindu lalikulu la mwalawu masiku ano silioneka ndi maso, chifukwa lili m'timipata tija. Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. China ndi kuchuluka kwa timipata, komwe m'mwala wamchenga kumakhala pakati pa 5 ndi 30 peresenti. China ndi kulumikizana kwa timipatato, komwe kumachititsa kuti madzi adutse. Dongo lili ndi timipata tambirimbiri koma tating'ono kwambiri, choncho limasunga madzi osawatulutsa. Mwala wamchenga wabwino uli ndi zonse ziwiri. Lamulo lowerengera mmene madzi amadutsira mumchenga linachokera kwa Henry Darcy, injiniya wa ku Dijon ku France, amene analifalitsa mu 1856 atayesa kudutsitsa madzi m'mipope yodzaza mchenga. Mpaka lero okumba madzi ndi mafuta amayeza kudutsika kwa mwala ndi muyeso wa dzina lake.

Pansi pa chipululu cha Sahara chakum'mawa pali mwala wamchenga wa Nubia, wotambalala pafupifupi masikweya kilomita 2 miliyoni pansi pa Egypt, Libya, Sudan ndi Chad, ndipo wadzaza madzi abwino. Dziko la Libya linayamba mu 1984 kumanga mipope ikuluikulu yotunga madziwo kum'mwera n'kuwapititsa kumizinda ya m'mphepete mwa nyanja. Chofunika kukumbukira n'chakuti madzi amenewo analowa pansi zaka masauzande ambiri zapitazo, nthawi imene deralo linkalandira mvula. Lero obwezeretsa ndi ochepa kwambiri, choncho amene atungidwa apita ndithu. Ku Australia nako, midzi ndi ziweto za m'madera ouma zimadalira Great Artesian Basin, malo a masikweya kilomita 1.7 miliyoni amene madzi ake ali m'magawo a mwala wamchenga.

Mafuta ndi gasi sizipangikira m'mwala wamchenga kawirikawiri. Zimapangikira m'miyala yamatope yokhala ndi zotsalira za zamoyo, kenako zimakwera chifukwa n'zopepuka kuposa madzi, n'kulowa m'timipata ta mwala wamchenga. Zikapeza pamwamba pali gawo losadutsika, la dongo kapena mchere, zimaima pomwepo n'kuunjikana. Chitsime chachikulu cha mafuta cha Burgan ku Kuwait, chopezeka mu 1938, ndi chotero. Gasi wa ku Groningen ku Netherlands, wopezeka mu 1959, anali m'mwala wamchenga wa pafupifupi makilomita atatu pansi, wovindikiridwa ndi mchere.

Nkhani ya Groningen ikusonyeza chinthu chimene ambiri sankachiganizira mokwanira. Gasi wopanikizika m'timipata ankathandiza njere kunyamula katundu wa nthaka yapamwamba. Atapopedwa kwa zaka zambiri, njere zinayamba kuthinana, nthaka inatitimira, ndipo ming'alu yakale ya pansi inayamba kusuntha. Zivomezi zinayamba m'dera limene silinkazidziwa, ndipo cha mu 2012 pa Huizinge chinafika 3.6 pa sikelo yoyezera zivomezi. Nyumba zambiri zinang'aluka, ndipo boma linatseka malowo kotheratu mu 2024, gasi wambiri akadali pansi.

Timipata tomweto akutigwiritsanso ntchito mobweza. Kuyambira mu 1996, pamalo okumba gasi a Sleipner m'nyanja ya North Sea, mpweya wa carbon dioxide wakhala ukupoperedwa mumchenga wa Utsira pansi pa nyanja m'malo moutayira m'mlengalenga. Miyala ya uranium, yomwe imagwiritsidwa ntchito popanga mphamvu za nyukiliya, nayo imakonda kuunjikana m'mwala wamchenga, kumene madzi apansi anaisiya. Kazakhstan, amene amatulutsa pafupifupi 40 peresenti ya uranium yapadziko lonse, sakumba n'komwe maenje akuluakulu: amapopera madzi a asidi m'zitsime, madziwo amasungunula uranium m'timipata, n'kuwakoka pa zitsime zina.

Kumanga ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri zimene anthu akhala akuchita ndi mwalawu. Amisiri amaukonda chifukwa umamvera tchizulo, makamaka ukangochoka kumene pakwale ukadali ndi chinyontho, ndipo umalimbirapo ukauma. Anthu akale otchedwa Anabateya anasema nyumba ndi manda ambiri a mzinda wa Petra, ku Jordan, m'maphompho enieniwo, osanyamula mwala kupita nawo kwina. Akachisi a mfumu Ramesses II ku Abu Simbel, ku Egypt, anasemedwanso m'phiri la mwala wamchenga, ndipo pakati pa 1964 ndi 1968 anadulidwa zidutswazidutswa n'kumangidwanso pamalo okwera kuti madzi a damu la Aswan asawamize. Miyala yambiri yomangira akachisi a Karnak, ku Egypt komweko, inachokera pakwale wa Gebel el-Silsila, m'mbali mwa Nile. Angkor Wat, ku Cambodia, inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100 ndi miyala yochokera cha ku phiri la Kulen, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Linga lofiira la ku Delhi, lomwe mfumu Shah Jahan inamanga pakati pa 1639 ndi 1648, linatenga dzina lake ku dzimbiri lija lokuta njere. White House ya ku Washington nayo ndi ya mwala wamchenga wa ku Aquia Creek, ndipo inapakidwa laimu koyamba mu 1798 kuti mwala womwa madziwo usang'aluke ndi chisanu.

Mdani wa nyumba zimenezi ndi madzi, ndipo amalowera m'timipata tomwe tija. Kumayiko ozizira, madzi olowa m'mwala akaundana amafufuma n'kukankha njere. Kumalo otentha ndi ouma wowononga ndi mchere: chinyontho chimakwera kuchokera pansi chitanyamula mchere, chimauma chakufupi ndi kunja kwa mwala, mcherewo n'kumera m'timipata mpaka kusuntha njere imodziimodzi. Ku Petra, m'munsi mwa zipilala zambiri ndi momwe mwadyeka kwambiri chifukwa cha zimenezi. M'mizinda ya utsi wa malasha, mvula ya asidi imadya chomatira cha calcite, kunja n'kupangika chikhungu chakuda chimene chimadzasupuka, m'kati mutatsala mchenga wosagwirana.

Pali kulakwitsa kumodzi kumene amisiri akale ankachenjezana. Mwala wamchenga unapangika m'magawo ogona, ndipo pakhoma uyenera kugonekedwa mmene unagonera pansi. Ganizirani buku losiyidwa pamvula: likagona, madzi amagwera pachikuto, koma mukaliimika madzi amalowa pakati pa masamba n'kuwalekanitsa. Nyumba zambiri za ku New York za m'ma 1800, zomangidwa ndi mwala wabulauni wochokera makamaka ku Portland, ku Connecticut, zinakutidwa ndi miyala yoimika, chifukwa inkaoneka yosalala bwino ikaikidwa choncho. Patapita zaka makumi angapo nkhope za nyumbazo zinayamba kusupuka gawo ndi gawo. Okonza ena amawonjezera vutolo pomata mipata ndi simenti yolimba kapena kupaka penti yosadutsa madzi. Chinyontho chikasowa potulukira chimadutsa m'mwala weniweniwo, moti patapita nthawi simentiyo imatsala itatundumuka, mwala woizungulira utadyeka. Matope a laimu ndi amene amayenerana ndi mwalawu, chifukwa ndi ofewa kuposa iwo ndipo amalola chinyontho kutuluka.

Kuthothoka kwa njere, komwe ndi vuto pakhoma, ndi kumene kumapangitsa mwalawu kukhala wabwino ponolera ndi popera. Quartz ndi yolimba kuposa chitsulo wamba, choncho imachipala. Njere ikabuntha imathothoka, pansi pake n'kutulukira ina yakuthwa. Miyala yonolera mipeni, nkhwangwa ndi zida zina yakhala ikusemedwa kuchokera ku mwala wamchenga kwa zaka masauzande.

Koma ntchito imeneyi yapha anthu ambiri, ndipo ikuphabe. Quartz ikadulidwa kapena kupalidwa youma, imatulutsa fumbi losalala kwambiri moti lina silioneka n'komwe. Tinthu take tochepetsetsa timalowa mpaka m'katikati mwa mapapo, kumene thupi silingathe kutisungunula kapena kutitulutsa. Mapapo amachita zipsera n'kuuma, munthu amayamba kubanika akangoyenda pang'ono, ndipo chifuwa chachikulu chimamugwira mosavuta. Matendawa ndi silicosis, ndipo alibe mankhwala ochiza. Amapitirira ngakhale munthu atasiya ntchito. Ku Sheffield, ku England, m'zaka za m'ma 1800, anthu onola mafoloko pamiyala youma ambiri ankamwalira asanakwanitse zaka 40, pamene onola pamiyala yonyowa ankakhalitsako. Lero vutoli ndi lalikulu pakati pa ogwira ntchito m'makwale a ku Rajasthan, ku India, komwe kumachokera miyala yambiri yoyalidwa m'mabwalo a nyumba m'mayiko akutali. Boma la chigawocho linakhazikitsa ndondomeko yapadera yothandiza odwala matenda a fumbiwa mu 2019.

Chimene chimandipweteka n'chakuti njira yopewera inadziwika kalekale ndipo si yovuta. Macheka ndi zoboolera ziziyenda ndi madzi, kuti fumbi lisauluke. M'nyumba zosemera miyala mukhale makina okoka fumbi pomwe likutulukira. Pansi pazitsukidwa matope asanaume, osati kusesa pouma. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga fumbi losaonekalo. Pamafunika chophimba kumphuno ndi kukamwa chopangidwira fumbi lotere, chothina bwino kumaso, ndipo ogwira ntchito azijambulidwa m'chifuwa nthawi ndi nthawi matendawa asanafike patali.